Mbewa ya m'Chitini

Nkhani iyi anandiuza ndi Fletcher, wokonza njinga pa Lisungwi, tsiku limene minibasi inandisiya ndipo ndinakhala pa benchi lake kudikira ina. Anati mwini nkhani ndi msuweni wake wa ku Magaleta, dzina lake Edina. Ndiilemba monga anandiuzira, kupatula pamene ankaima kuti atukwane tcheni.

A Gilbert, amalume ake a Edina, anafika pakhomo iye akuwamba mbewa. Anakana mpando. Anaima chapatali ndi utsi, maso ali kunkhokwe kumene Laimoni, mwamuna wa Edina, anali atangozemberako atamva mapazi.

"Abwana alipo?"

"Alipo, amalume. Sakupeza bwino."

"Chaka chatha sankapeza bwino, chaka chino sakupeza bwino. Koma mbale ikalowa m'nyumba imatuluka yopukutidwa." Anatola mbewa imodzi pawaya, n'kuiuzira, n'kuyamba kudya kumutu. "Dzana tinaika maliro kutsidya. Akamwini onse a m'mudzi muno anagwira khasu kumanda. Ngakhale uja woyendera ndodo ananyamulako chigubu cha madzi. Wathu yekha ndiye bwana DC. Anthu ayamba kundifunsa kuti kwanu kukadzagwa zovuta adzakumbe ndani. Ndiziyankha chiyani? Maliro n'kulirana, mwana wa mlongo wanga."

Edina anatembenuza mbewa pamoto.

"Ndiye imva. Maliro otsatira akapanda kuoneka ndi khasu, ndiitana ankhoswe. Abwerere kwawo ku Ntcheu. Minda iyi ndi ya mbumba, si yonenepetsera mlendo wonyada." Anatolanso ina, n'kuiponya m'thumba la jekete. "Mchere wachepa."

Laimoni sanabadwe wobisala. Kale ankakweza makala panjinga kupita nawo kumsewu wa tala, ndipo kukwaya ya mpingo ndiye ankayambitsa nyimbo. Tsiku lina pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, mayi wina anakuwa kuti foni yake yabedwa, wina n'kuloza Laimoni. Anthu anamuzinga. Anamumenya ndi zimene anali nazo m'manja, ndipo tayala linali litafika kale pamene foni ija inalira pansi pa dengu la mwini wake. Anthu anabalalika aliyense kubwerera pa malonda ake.

Mabala anapola mvula isanagwe. Nthiti zinalumikizana. Koma kuyambira pamenepo mawu a anthu atatu olankhulira pamodzi ankamutulutsa thukuta. Kutchalitchi analeka, kumsika analeka. Munthu akati odi, iye ankakhala ali kale kuseri kwa nkhokwe, atakhala pamwala, nkhope itayang'ana kuchipupa. Kumunda ankalima ndithu, koma chigawo cha kutali ndi njira. Ukamufunsa chikuvuta n'chiyani ankangoti, "Palibe, mayi a Tadala. Ndingopuma pang'ono."

Makala atasiya kubweretsa sopo ndi mchere, Edina anayamba mbewa. Amayi anzake anamuseka kuti watenga ntchito ya amuna, iye n'kumati mimba siidziwa chitenje kapena buluku. Ankakwirira zigubu zodula pakamwa m'minda yokolola kale, n'kupachika kamtengo kopakidwa gaga wokazinga pamwamba pake. Anzake amathira madzi m'zigubumo kuti mbewa zikagwa zimire. Iye sankathira. Ankazitola zamoyo n'kumazisunga mu mgolo wachitsulo pakhonde, kuziponyera madeya mpaka tsiku la msika, kuti zikafike kwa ogula zili zatsopano, zosanunkha.

Mu mgolomo ndimo anaona chinthu chachilendo. Munali yaimuna yaikulu, yong'ambika khutu, imene inasankha inzake imodzi yaing'ono n'kumailuma tsiku ndi tsiku. Tsiku la msika litakwana yaikulu ija inapita pampani pamodzi ndi zinzake zonenepa. Yaing'onoyo Edina anaisiya kuti inenepe kaye. Koma sinanenepe. Woiluma anali atadyedwa kale ku Magaleta, bala la pamsana linali litauma, koma iyo inkangokhala m'mbali mwa mgolo, mphuno itagunda chitsulo. Zatsopano zikafika n'kuinunkhiza, inkauma ngati yafa. Zinzake zinkagona mulu umodzi chifukwa cha chisanu cha Juni, iyo payokha.

Edina anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kunkhokwe. Anatenga chitini chakale cha penti, n'kuboola chivundikiro ndi msomali, n'kuikamo mbewayo ndi masamba a chimanga.

Mmodzi mwa ogula ake anali a Constance, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo, wochokera ku Dedza. Iwowa sankagula pamsika. Ankabwera kunyumba chakumadzulo atanyamula chikwama chotseka, chifukwa mpingo umene anakwatiwako sulola mbewa.

"Zikulungeni bwino, asisi, michira isatuluke. Ndikakumana ndi mkulu wa mpingo ndinene kuti ndi bonya."

"Bonya wa ndevu," anatero Edina.

A Constance anaseka, koma maso awo anali atatsatira msana wa Laimoni ukuzimirira kuseri kwa nkhokwe. Sanafunse. Anaweramira chitini chija n'kusuzumira pa timabowo.

"Nanga iyi yalakwa chiyani kuti ikhale m'ndende yokha?"

Edina anafotokoza zonse, za yong'ambika khutu ija, za bala louma, za kukana kugona ndi zinzake. A Constance anakhala pansi pakhonde, chikwama pamiyendo.

"Mukudziwa, zimene mwaonazi anatiphunzitsako kusukulu ya unamwino. Kuli anthu kunja uko ntchito yawo ndi yomweyi. Amatenga mbewa yaing'ono n'kumaiika kwa yaikulu yolusa kwa masiku angapo, mwadala, kenako n'kuichotsa. Zina zimaiwala n'kubwerera mwa zinzawo. Zina zimachita ngati yanuyi. Ngakhale madzi a shuga zimasiya kuwakonda."

"Amalipidwa pa zimenezo?"

"Kuposa ine ndi inu."

"Ndiye ine ndikugwira ulere. Nanga akatero amapeza chiyani?"

"Amapima ubongo wake. Mu ubongo muli timadzi timene timanyamula mauthenga. Choopsa chikafika, tina timauza thupi kuti thawa, mtima uthamange, usadye, usagone. Chikapita, tina timati basi, khala pansi, awa ndi anzako. Zili ngati galu wa pakhomo. Wakuba akabwera auwe, akapita agone. Tsono mwa mbewa zoterezi amapeza kuti timadzi tija tasokonekera. Wakuba anapita kalekale koma galu sakusiya kuuwa, ndipo akuuwa aliyense, ndi eni nyumba omwe."

Edina anakanda phulusa ndi chala chakuphazi. "Si kunyada eti?"

"Mbewa inyadire chiyani?"

"Nanga zimachira?"

"Zina. Pali mankhwala othandiza timadzito, koma sagwira tsiku limodzi ngati panado, amatenga masabata. Ndiponso kukhala ndi inzake yofatsa kumathandiza." A Constance anaimirira n'kusasa siketi. "Munthu si mbewa, asisi, ndisakunamizeni. Koma ubongo wake si wachilendo kwenikweni. Ngati kuli wina amene galu wake sakugona, mubwere naye masana, mzere utatha. Ndimakhala ndekha nthawi imeneyo."

A Constance atapita, Laimoni anatuluka. Edina anamuuza za kuchipatala, iye anapukusa mutu. Njira ya kumeneko imadutsa pamsika.

M'mawa mwake Edina anasankha mu mgolo yaikazi ina yokalamba, yaulesi, yosalimbana ndi inzake pa madeya, n'kuiika m'chitini muja. Tsiku loyamba yamantha ija inauma gwa. Yokalambayo sinaisamale n'komwe. Inadya, n'kugona pakati pa chitini. Patapita masiku Edina anapeza ziwirizo zitagundana misana. Tsiku lina anapeza makoko a mtedza m'chitinimo, mtedza umene iye sanaikemo.

"Ndinu mukuwononga mbewu, bambo a Tadala?"

"Imadya ukapanda kuiyang'ana," anatero Laimoni. "Imeneyi musaiphe."

Sabata imeneyo anayamba kukhala pakhonde, chitini chili pambali pake, bola ngati panjira palibe anthu.

Kenako kunagwa maliro a gogo wina wa m'mudzi momwemo. A Gilbert anabwera dzuwa litangokwera, ndipo Laimoni anawasiyira khonde asanafike n'komwe pa mtengo wa mango.

"Wamva kulira kuja. Kukumba ndi mawa m'mamawa." Ulendo uno anakhala pampando, ndipo analankhula mofatsa. "Edina, ine sindidana naye. Ndinavina pa ukwati wanu. Koma mantha sachira ndi kubisala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwana woopa madzi timamuponya pa Lisungwi, amatuluka akusambira. Ndauza anyamata a kumanda adzamutenge, afune asafune. Akakangoima pakati pa amuna anzake, n'kugwira khasu, zonsezi zikathera pomwepo. Udzandithokoza."

"Anamwino akuti ndi matenda, amalume. Akuti ndi timadzi ta mu ubongo."

"Timadzi. Aliyense ali ndi madzi m'mutu, ena ndowa yathunthu." Anaona chitini n'kuchikoka ndi phazi. "Nanga umu?"

Edina anafotokoza mwachidule. A Gilbert anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwatsegula chipatala cha mbewa. Wodi ya amuna ili kuseri kwa nkhokwe. Taona, ndikuonetse mankhwala a makolo." Anatsegula chivundikiro, n'kukhuthulira mbewa ziwiri zija mu mgolo mmene munali zambiri za dzulo lake. "Mbewa ndi mbewa. Ilowe mwa anzake. Pofika madzulo izikhala ikuvina nazo."

Edina anatambasula dzanja, koma anali amalume. Anangolibweza.

Atachoka anasuzumira mu mgolo. Yokalamba ija inali itasakanikirana kale ndi zinzake. Yamantha anaizindikira ndi chipsera cha pamsana. Inali m'mbali, mphuno pachitsulo, nthiti zikugunda ngati za mwanapiye, zinzake zikuikwera pamsana podutsa. Anafuna kuitulutsa. Kenako anaganiza kuti mwina amalume akunena zoona, pakuti anakula kale ndipo aona zambiri. Anaisiya, n'kupita kusiwa kukathandiza amayi anzake kutunga madzi.

Atabwerako dzuwa litapendeka anaipeza ili chigonere pamalo pomwe paja, miyendo itauma. Anaitembenuza m'manja, n'kupatula ubweya ndi chala. Panalibe bala latsopano, ngakhale kadontho ka magazi.

Laimoni anali ataima pakhomo. Anayang'ana dzanja la mkazi wake, kenako chitini chopanda kanthu.

"Ndamva zimene anena," anatero. "Ngati n'kotheka ndinyamuke ndekha lero, asadzachite kundikoka pamaso pa ana. Kwathu njira ndikuidziwa."

"Khalani pansi. Ndikubwera."

Anakulunga mbewa ija m'tsamba n'kulunjika kwa a Lenard, mkulu wa adzukulu okumba manda, amene mawu awo pa nkhani za kumanda sapikisidwa ndi munthu, ngakhale mwini mbumba. A Lenard anali munthu wosakonda kulankhula. Anthu ankati mawu awo amasungira akufa. Anawapeza atazunguliridwa ndi makasu ndi mapiki a mudzi, ambiri ogwedera, ena mipini itang'aluka. Edina anagwada n'kutsegula tsamba lija.

"Ndiwo imodzi?" anafunsa a Lenard.

"Si ndiwo, agogo." Anawauza za chitini, za mgolo, ndi za anyamata obwera m'mamawa. "Sindikuti asagwire ntchito ya maliro. Manja ali nawo. Mitengo yomangira makala panjinga ankasema yekha. Koma mukamuika pakati pa gulu, ndidzamutola ngati iyi."

"Ukufuna chiyani?"

"Makasu awa apite kwathu. Mubwere nawo inuyo, nokha. Musamufunse kanthu, musamuyang'anitsitse."

A Lenard anayang'ana mulu wa makasuwo, n'kuyang'ana manja awo otupa mfundo. Anakankhira mbewa ija kwa Edina. "Kakwirire. Yofa yokha sitidya."

A Lenard anafika dzuwa likadalipo, makasu atamangidwa pa wilibala. Sanaodire. Anazungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala pansi chapatali ndi Laimoni, atamufulatira pang'ono, n'kuyamba kugogoda khasu limodzi. Edina ankaonera pa mpata wa khitchini. Laimoni anauma, thukuta likutsika m'khosi. A Lenard anagogoda, n'kugogoda, mpini ukukana kulowa. Anausiya pansi pakati pa awiriwo, n'kutenga fodya wawo.

Fodya atafika pakati, dzanja la Laimoni linatola mpini uja.

"Mwauboola mokhota," anatero motsitsa mawu.

"Maso akalamba," anayankha a Lenard.

Mawu amene analankhulana tsiku limenelo ndi omwewo. Laimoni anakoleza moto, n'kuwotcha chitsulo choboolera, n'kusema mipini yatsopano ya mitengo imene anaisunga kale kudenga. Pofika kachisisira makasu onse anali ataima m'mbali mwa nkhokwe, olimba, onoledwa.

M'mamawa anyamata anayi anafika ndi a Gilbert. Anapeza a Lenard atakhala pakhonde, wilibala ili patsogolo pawo, chitseko cha nyumba chili chotseka.

"Tengani zida, tizipita," anatero a Lenard.

"Tabwerera mkamwini," anatero a Gilbert.

"Wagwira kale yake. Dzulo."

"Khasu la maliro limagwiridwa kumanda, a Lenard."

"Lopanda mpini?" A Lenard anaimirira. "Kuyambira lero zida za adzukulu zizikonzedwa pano. Wofuna kutsutsa adzakumbe ndi zala."

Mnyamata wina anayesa khasu limodzi pansi, n'kugwedeza mutu movomera. Anakankha wilibala, anzake n'kumutsatira. A Gilbert anatsala okha pabwalo ndi Edina.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa ana," anatero, osakweza mawu. "Chabwino. Ankhoswe sindiitana. Koma dimba la kumtsinje lija ndinakupatsa poganiza kuti pakhomo pano pali mwamuna woti azipita ndi tomato kumsika. Ndilipereka kwa mng'ono wako Jessie. Ukalifuna, ukudziwa chochita."

Dimba limenelo ndilo linkawadyetsa mbewa zikatha, kuyambira Okutobala mpaka chimanga chatsopano. Edina anayang'ana chitseko chotseka chija.

"Apatseni a Jessie, amalume. Mpanda wa kumunsi ndi wothyoka, muwauze mbuzi zimalowera pamenepo."

Sabata yotsatira, masana dzuwa likuswa mtengo, anatulutsa njinga ya makala ija n'kupopa matayala. Laimoni anakhala pakaliyala, chipewa chitatsikira m'maso, manja atagwira m'chiuno mwa mkazi wake. Sanadzere pamsika. Anazungulira njira ya m'minda, yotalika kawiri, kukwera ndi kutsika zitunda za kumeneko, pena kukankha. A Constance anali okha monga ananenera.

Fletcher akuti masiku ano Laimoni amamwa mankhwala ake, ndipo pamaliro amafika, ngakhale amaima kumapeto kwa gulu, kufupi ndi njira yobwerera. Kwaya sanayambirenso. Dimba likadali kwa Jessie, ndipo miyezi ya njala Edina amakagwira ganyu m'dimba lomwelo.

Za makasu ndikukhulupirira, chifukwa mpini wa hamala imene Fletcher ankagogodera njinga tsiku limenelo anati anasema ndi Laimoni, ndipo unali wosemedwa bwino. Za timadzi sindingatsutse, sukulu yanga sinafike kumeneko. Koma za imfa ya mbewa ija ndikukayika. Ndadya mbewa m'maboma ambiri, ndaona zofera m'madzi, mu utsi ndi pansi pa diwa, koma yofa ndi mantha sindinaionepo. Mgolo wachitsulo umatentha masana, ndipo kanyama kowonda kakhoza kungopondedwa ndi kanzake. Edina sanaing'ambe mutu kuti aone. Ine ndikuganiza kuti anataya dimba chifukwa cha mbewa yopondedwa. Kungoti amene ankamva kupuma kwa Laimoni anthu akamadutsa panjira sanali ine.